Masiku a Mwera ku Linga

 Tikulemba tili pakhonde pathu ku Linga, m'tauni ya Nkhotakota, ndipo pepala tikulembapoli talipanikiza ndi mwala chifukwa mwera wakhala ukuomba kwa masiku asanu ndi anayi osapuma. Zovala zimene mayi a kunyumba anayanika m'mawa tazitola kawiri pampanda wa aneba.

Anzathu a kumtunda, a ku Ntchisi ndi ku Dedza, amatiseka tikamadandaula za kuzizira. Amati munthu wa kunyanja sachidziwa chisanu. Mwina akunena zoona, koma abwere adzapange wudhu ndi madzi ogona mu ndowa m'bandakucha wa mwezi wa Julayi, mphepo ikulowa pansi pa chitseko, kenaka tidzakambirane. Ana athu a kumadrasa masiku ano akubwera atafunda zitenje za amayi awo, milomo itang'ambika, ndipo theka la iwo likutsokomola. Mchenga ukulowa paliponse: m'maso, m'mabuku, ngakhale mu mpunga wophimbidwa bwino.

Mwera umachokera kum'mwera chakum'mawa ndipo nyengo yake ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kufika Seputembala. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo inagona motsata njira ya mphepoyi, kotero kuti funde loyambira ku Mangochi limayenda mtunda wautali popanda chomutchinga, likukulirakulira. Mpoto wa nthawi ya dzinja umabwera ndi ukali, mabingu ndi mvula, koma sukhalitsa. Mwera ulibe phuma. Ukakhala pansi umatha sabata yathunthu, ndipo nyanja imasiya kubiriwira kwake n'kukhala yotuwa ngati phulusa, thovu loyera lili mbuu mpaka kumene diso lalekeza.

Dzulo titaweruka tinati tiyende mpaka kudooko tikaone m'mene zinthu zilili. Kuchokera kwathu njira imatsetsereka pakati pa nyumba zothithikana za ku Linga, pansi pa mitengo ya mango yakalekale, ndipo pabwalo lililonse pali mphasa ya mpunga wokolola kumene, anthu ataikirira miyala m'mphepete. Mlendo aliyense wofika kuno amamutengera pa mtengo wa mkuyu uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'chaka cha 1863 kudzakamba zothetsa malonda a akapolo. Ife timapita pamenepo ndi ana a kumadrasa kamodzi pachaka, ndipo sitiwabisira kanthu. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika kuno cha m'ma 1840, ndipo ngalawa zake zamatanga zimene zinkabwera ndi nsalu, mikanda ndi anthu odziwa kulemba ndi zomwezonso zinkaolotsa anthu zikwizikwi, omangidwa, kupita tsidya la kum'mawa kuti akayende pansi mpaka ku Kilwa. Mpunga umene timanyadirawu unafala m'nthawi ya a Jumbe omwewo. Mwana wobadwira ku Linga ayenera kudziwa mbali zonse ziwiri, ndipo ndi bwino azimve kwa ife kusiyana n'kukazimva kwa alendo. M'tauni muno ndi momwenso chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu mu 1960, koma nkhani imeneyo agogo athu amaikamba bwino kuposa ife.

Ukafika kugombe chinthu choyamba kuona ndi zipsera za madzi a 2024. Chaka chimenecho chinali chodabwitsa. Zigawo zambiri za dziko lino zinapsa ndi ng'amba, mpaka m'mwezi wa Malichi mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agweredwa tsoka. Koma kuno kwathu vuto linali madzi ochuluka. Kumapeto kwa Febuluwale mtsinje wa Dwangwa unasefukira, anthu zikwi zambiri anathawira m'misasa ndipo msewu wa M5 unaduka. Nyanja nayo inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, n'kulowa m'malo amene ife chibadwire tinali tisanaonemo funde. Mpaka lero pali mitengo youma itaima pamene kale panali pabwalo pa munthu, ndi maziko a nyumba amene ana akuwasandutsa podumphira.

Imodzi mwa nyumba zimenezo inali ya agogo amene tsopano ndi aneba athu. Madzi atayamba ndi chimbudzi, kenaka khitchini, mwana wawo wamkazi anawakakamiza kusamukira kwake, kuseri kwa mpanda wathu. Anabwera ndi mphasa, ndodo, mkeka wopempherera ndi kabokosi kachitsulo kadzimbiri kamene sankalola munthu kukanyamula. Za kabokosiko tinena kutsogoloku.

Pansi pa mtengo wa mango wa kudooko pamakhala bawo, ndipo nthawi ya mwera asodzi onse amene sangalowe m'madzi amathera pamenepo. Ngati mukufuna nkhani za dziko, pamenepa ndiye pa nyumba ya malamulo ya ku Linga. Nyuzipepala kuno zimafika mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri timaziwerenga zitakulunga kale mandasi. Koma wailesi ndi mafoni zilipo. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, chimene a Peter Mutharika anapambana, chinakambidwa pamenepa kwa miyezi, mpaka abale awiri a bere limodzi anasiya kugawana tiyi kwa sabata ziwiri. Ndale zija zitazirala, mkangano umene sutha ndi wa madzi. Ena amalumbira kuti nyanja inalowa m'nyumba zawo chifukwa akuluakulu anatseka zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Ena amati si choncho. Ife tinayesa kuikapo mawu athu: kuti nyanja yonseyi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, kuti madzi ambiri amachoka pouluka ndi dzuwa ndi mphepo osati kudzera mu mtsinjewo, ndiponso kuti kutsegula zitseko zonse kukanamiza anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene anali asanaiwale namondwe wa Freddy wa mu 2023. Mkulu wina anatiyang'ana, n'kutaya nkhomo zake m'mabowo, nati, “A Mwalimu, inu nyumba yanu ili kumtunda.” Sitinayankhe, pakuti sananame.

Tsiku limenelo maboti onse anali atakokeredwa pamchenga, mainjini atavundikiridwa ndi masaka. Matandala oyanikapo usipa anali mbee. Amayi ogula nsomba, ena ochokera ku Kasungu ndi ku Lilongwe, anali atakhala pa mabasiketi awo opanda kanthu, akudya ndalama ya mpamba pang'onopang'ono. Munthu wosadziwa angaganize kuti asodzi akupuma. Kunena zoona aliyense pamenepo amakhala akuwerengera masiku, ndipo kuti mumvetse zimene zinachitika kwa aneba athu mwezi watha, tiyenera kufotokoza kuwerengera kumeneku.

Usipa amaupha usiku ndi khoka la chilimira. Boti la injini limakoka bwato ndi boti lina kupita pakati pa nyanja. Mu bwato mumakhala siginala ndi nyali zake, kale zinali za palafini koma tsopano ambiri ali ndi mababu oyendera batire. Usipa umasonkhana pa kuwalako, ndipo alovi amazunguliza khoka n'kukoka. Tsono ntchito imeneyi imafuna mdima. Mwezi ukawala nyali zilibe mphamvu, usipa umabalalika, ndipo kupita kunyanja n'kungotaya mafuta. Choncho pamwezi msodzi ali ndi masiku owerengeka a mdima, ndipo mwera ukagwera pa masiku omwewo ndiye kuti mwezi wonse wapita. Kumbali inayi ngongole siyang'ana kumwamba. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo sanathere pomwepo. M'miyezi ya kusowa kwa mafuta mu 2024 ndi 2025 asodzi ankagula wa m'zigubu pa mtengo umene wogulitsa wafuna. Ulusi wosokera khoka, mabatire ndi zipangizo za injini zonse zimachokera kunja, ndipo zinakwera limodzi. Zimene akuluakulu amakambirana ku Lilongwe ife kuno timadzazimva pa mtengo wa chigoba cha usipa.

Mdzukulu wa agogo aja ndi mnyamata wa zaka za m'ma 20, amene tinamuphunzitsapo ali wamng'ono. Chaka chatha anakongola ndalama n'kugula khoka lakelake, ndipo amabwereka boti ndi injini kwa mkulu wina, kugawana zotsala akachotsa za mafuta. Mwezi wa Juni mwera unadya masiku asanu ndi limodzi a mdima. Tsiku lachisanu ndi chiwiri masana mphepo inagwa, nyanja inagona ngati mafuta. A zanyengo anali atachenjeza pa wailesi kuti mwera upitirira, ndipo uthengawo unayenda m'mafoni. Iye anaumva. Anzake asanu ndi atatu anaumvanso. Dzuwa likulowa anakankha boti.

Mphepo inabwerera cha m'ma 1 koloko usiku. Ife tinadzidzimuka ndi phokoso la malata, ndipo tisanagonenso tinamva kugogoda.

“Odi, a Mwalimu! Pepani kukudzutsani. Mwana uja sanabwere.”

“Lowani, mayi. Mwayesa foni?”

“Ikungoti sakupezeka. Anzawo a maboti ena afika, akuti nyali zawo anaziona komaliza chakumpoto.”

Tinavala n'kutsika nawo kugombe, mayi a kunyumba atatsala ndi agogo amene ankafuna kutitsatira ndi ndodo yawo mumdimawo. Kugombe tinapeza mabanja ena asanu ndi atatu. Owerenga a kunyanja mukudziwa m'mene kudikira kotere kumakhalira, sitichita kukuuzani. Palibe amene amalira, chifukwa kulira n'kuvomereza. Palibenso amene amalankhula zambiri. Wina anakoleza moto kuseri kwa boti, amayi anakhala mozungulira atafunda kumutu, ndipo abambo tinkangoyendayenda m'mphepete mwa madzi, kuwalitsa matochi pa mafunde ngati kuti tochi ingaone kanthu pa mtunda wotero. Mchenga wa ku Sungu umatchinga dooko lathu pang'ono, koma kuseri kwake tinkamva nyanja ikubangula. Mayi aja anatifunsa kamodzi kokha ngati tikuganiza kuti ali moyo. Tinati Mulungu ndiye akudziwa, tipemphe. Zaka zonse za ku koleji sizinatipatse yankho loposa limenelo.

Kutacha, eni maboti awiri anasonkherana mafuta kuti akafunefune, koma mafunde sanalole kuti atuluke. Ena anakwera njinga zamoto kulowera kumpoto, akufunsa dooko lililonse. Uthenga unafika dzuwa lili pamutu, pa foni ya munthu wachilendo: onse asanu ndi anayi ali moyo, atsikira kupitirira pamene mtsinje wa Bua umathirira m'nyanja. Madzi atalowa mu injini inazima, ndipo khoka lonyowa linkakokera boti pansi. Anakangana kwa kanthawi, kenaka mwini wake yemweyo anatenga mpeni n'kudula zingwe. Usiku wonse anakhala akukapa madzi ndi zigoba zoyezera usipa, mphepo ikuwakankha, mpaka anakagunda bango. Mu boti lonselo munalibe jekete yoyandamitsa ngakhale imodzi.

Madzulo ake pa bawo panali milandu iwiri. Akuluakulu ankati anyamata a masiku ano samva, wailesi inanena. Anyamata ankati wailesi sidyetsa ana. Ife maganizo athu ndi akuti mnyamatayo analakwa kutuluka, ndipo tinamuuza pamaso, chifukwa sanaike pachiswe moyo wake wokha koma wa anzake asanu ndi atatu, ena a iwo ali ndi makanda. Komabe tinaona kuti amene ankadzudzula mokweza kwambiri ndi amene alibe ngongole. Tinaonanso kuti eni maboti amapeza ndalama yopentera dzina lokongola pa boti koma ya majekete imawasowa. Nkhani imeneyi tinaitula kwa akuluakulu a komiti ya pagombe, ndipo anatilonjeza kuti aikambirana. Tikudikira.

Masiku otsatira mnyamatayo sankatuluka m'nyumba. Khoka linapita, ngongole inatsala. Ndi m'masiku amenewo pamene agogo anatiitana kudzera pampanda.

“A Mwalimu, mukaweruka mudzandipeze. Maso angawa atha, ndipo pali zoti mundiwerengere ndisanapite.”

“Musatero, agogo. Mukupita kuti?”

“Inu bwerani basi.”

M'kabokosi kachitsulo kaja munali mapepala okulungidwa mu nsalu yoyera, ofiirira ngati fodya, ena odyedwa ndi njenjete m'mphepete. Tinkayembekeza kuti ndi mapemphero. Titayang'anitsitsa tinapeza kuti zilembo ndi za Chiarabu koma mawu ake ndi Chiswahili. Anali makalata amene agogo awo a agogowa ankalandira kuchokera kwa m'bale wawo wa tsidya lija la nyanja. Kale anthu ophunzira a kuno ndi a kwa mafumu a Chiyao ankalemberana motero, sukulu za amishoni zisanafalitse zilembo tikugwiritsa ntchito lerozi.

Tivomere kuti tinatuluka thukuta ngakhale kunali kozizira. Munthu ukhoza kudziwa Chiarabu bwinobwino koma n'kukanika kuwerenga kalata yotere, chifukwa zilembo za Chiarabu sizinapangidwire zilankhulo zathu. Mulibe p, mulibe ch, mulibe g wathuyu kapena ng', ndipo zizindikiro za mawu otsegula pakamwa ndi zitatu pamene Chiswahili chili ndi a, e, i, o, u. Wolemba ankangotenga chilembo choyandikira n'kusiya kuti wowerenga aganize yekha. Panali liwu lina limene tinalitchula katatu kuti “ubibu”, osamva kanthu. Agogo, amene Chiswahili anachimva kwa makolo awo ali mwana, anaseka mpaka kutsokomola. “Upepo, a Mwalimu! Mphepo!” Kuyambira pamenepo tinagawana ntchito: ife kutchula zilembo, iwo kuzindikira mawu, ndipo mdzukulu uja tinamuitana kuti azilemba m'kope m'Chichewa, poti dzanja lake ndi labwino ndipo analibe chochita.

Tawerenga makalata anayi m'sabata zitatu, madzulo aliwonse pakati pa Maghrib ndi Isha. Amene akuyembekeza mbiri ya mafumu ndi nkhondo akhumudwa. Theka la kalata iliyonse ndi malonje, kutchula anthu mmodzimmodzi mpaka ana. Kenaka za mitanga ya mpunga imene inatumizidwa, nsalu imene sinafike, mayi wina amene akudwala mwendo, ndi mbuzi za mnansi zimene zinadya mbewu. Chaka sanalembe. Koma kalata yachitatu inatikhazika chete. Wolembayo ankapepesa kuti sanabwere pa maliro a mlongo wake, chifukwa kusi, ndiye mwera m'Chiswahili, inaomba masiku ambiri ndipo mwini ngalawa anakana kuoloka ngakhale anamulonjeza malipiro owirikiza. Ankati anakwiya naye kwambiri mwini ngalawayo, ndipo anafika pomunyoza pagulu.

Mnyamata uja anasiya kulemba n'kufunsa ngati kalatayo ikunena kuti pambuyo pake anagwirizananso. Tinayang'ana kutsogolo ndi kuseri kwa pepala. Sinanene. Inangopitirira ndi nkhani ya ngongole ya mitanga iwiri ya mpunga, imene wolembayo ankalonjeza kubweza mphepo ikagwa.

“Sanabweze ameneyo,” anatero agogo. “Amayi anga ankainena ngongole imeneyo mpaka kumwalira.”

Tinaseka tonse, ndi mnyamata yemwe, koyamba chichitikire ngozi ija.

Tikudziwa kuti m'nyumba zambiri za ku Linga, ku Mangochi ndi ku Makanjira muli mabokosi otere, pansi pa bedi kapena kudenga, ndipo madzi a 2024 ayenera kuti anaononga ena. Amene muli nawo, atulutseni muwaonetse kwa munthu wodziwa zilembozi pamene nkhalamba zomva Chiswahili chakale zidakalipo, pakuti taona tokha kuti mmodzi payekha sangathe. Musawapinde mwatsopano, ndipo musawamate ndi selotepi monga anachitira wina pa kalata yachiwiri ya agogo, imene mizere yake itatu inapita pamodzi ndi guluu.

Za aneba ena tingonena mwachidule. Kunyumba ya kumpoto kwabadwa mapasa, ndipo agogo awo aakazi afika kuchokera ku Salima atatha maola ochuluka pamsewu kuposa m'mene ankayembekezera. Mkulu wogulitsa makala wakwezanso mtengo, akuti chifukwa cha chisanu. Mpunga chaka chino wachita bwino kwa amene anaokera msanga, ndipo ogula ayamba kale kuzungulira ndi masikelo awo, amene tikupempha alimi kuti aziwayang'anitsitsa.

M'kabokosi mwatsala makalata asanu ndi awiri. Mnyamata uja wapeza malo ngati mlovi pa boti la munthu wina, ndipo wobwereketsa ndalama wavomera kuti azibweza pang'onopang'ono akuluakulu a pamzikiti atakamba naye. Mdima wa mwezi uno uyamba sabata yamawa. M'mawa uno, tikulemba nkhani ino, mayi ake anaima pampanda.

“A Mwalimu, chigubu chija cha mafuta ophikira cha malita 20, chimene chili kuseri kwa khitchini yanu, mukuchigwiritsa ntchito?”

“Ayi, mayi. Mukufuna chotungira madzi?”

“Ayi. Chili ndi chitsekerero chake?”

Tinakachitenga, tinayesa chitsekerero n'kuona kuti chikugwira bwino. Anachilandira ndi manja awiri, nati apeza kale china kwa achemwali awo, chatsala chingwe chomangira ziwirizo pamodzi kuti mwanayo azilowa nazo mu boti.